Makina opalasa bwato: liwiro limabwera ndi kudekha

M'nyumba zolimbitsiramo thupi zimene zikuculuka m'matauni athu, zija timati majimu, muli makina ena amene anthu ambiri amawagwiritsa nchito molakwa. Ndi makina aatali, ogona pansi, okhala ndi kampando koyenda pa kanjanji, cogwirira comangidwa ku cheni, ndi gudumu lopukusa mphepo kutsogolo kwake. Amenewa ndiwo makina opalasa bwato pamtunda. Pamwamba pake pali kakompyuta kamene kamauza munthu mamita amene wapalasa ndi nthawi imene watenga.

Pitani pa jimu madzulo anthu ataweruka ku nchito, mudzaona zimene ndikunena. Mnyamata afika, akankha kampini ka pambali pa gudumu kufikitsa pa 10, akhala pansi, nayamba kukoka ndi manja ngati akulimbana ndi ng'ombe yokana goli. Pakapita mphindi zitatu ali wefuwefu, msana ukuwawa. M'mawa mwake abweranso kudzayesa kuposa nthawi ya dzulo, mkuja cimodzimodzi. Pakutha kwa mwezi nthawi yake siinatsike, msana wakana, ndipo ndalama zimene analipira zapita pacabe.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa. Munthu wofuna kutsitsa nthawi yake pa makinawa ayenera kupalasa mofatsa masiku ambiri, kupalasa mwamphamvu masiku owerengeka, ndi kuyesa liwiro lake lonse kamodzi kokha pakapita milungu ingapo. Wopikisana naye akhale iye mwini wa mwezi watha. Wa pa makina a pambali amusiye acite zake.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja athu, cifukwa ku jimu sikupita anyamata ofuna kuchuka okha. Kafukufuku wa STEPS amene anacitika m'Zambia mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 18 mpaka 69 anali ndi BP yokwera. Azibambo ndi azimai ena amene akuyamba kupita ku jimu atumidwa ndi a dokotala kuti acepetse thupi, kapena shuga wayamba kukwera. Munthu wotere akabvulala mwezi woyamba n'kusiyiratu, wataya cinthu cacikulu kuposa masekondi.

Kumene makinawa anacokera

Kupalasa kwa mpikisano n'kosiyana ndi kupalasa kwa asodzi athu a pa Luangwa kapena pa Zambezi. Msodzi amayang'ana kumene akupita, ndipo nkhafi amaikoka ndi manja ndi msana. Wopalasa wa mpikisano amafulatira kumene akupita, amakhala pa mpando woyenda, ndipo mphamvu yake yaikulu imacokera m'miyendo. Masewerawa anafikapo kale m'dziko lathu lino. Mu August 1910, pa Zambezi pafupi ndi Livingstone, panacitika mpikisano wofuna katswiri wa dziko lonse lapansi, ndipo Richard Arnst wa ku New Zealand anagonjetsa Ernest Barry wa ku England.

Makina amene afala kwambiri m'maiko ambiri ndi a kampani ya Concept2 ya ku Vermont, ku America, imene anaiyambitsa abale awiri, Dick ndi Peter Dreissigacker, mu 1976. Poyamba ankapanga nkhafi. Mu 1981 anatulutsa makina ao oyamba opalasa, ndipo gudumu lake linali la njinga. Makinawa anathandiza opalasa a kumaiko ozizira kupitiriza kukonzekera m'miyezi imene madzi a m'mitsinje amaundana ndi cisanu. Mu 1982 ku Boston kunayamba mpikisano wa makina okhaokha, wodziwika ndi dzina lakuti CRASH-B.

Lero mtunda umene anthu amayesera nao liwiro pa makinawa ndi mamita 2,000, wofanana ndi umene mabwato amapikisana pa masewera a Olimpiki. Nambala yaikulu imene mumaona pa kakompyuta, monga 2:15, ikutanthauza mphindi ndi masekondi amene mungatenge kupalasa mamita 500 mukapitiriza ndi liwiro limenelo. Muiculukitse kanai, mwapeza nthawi yanu ya mamita 2,000. Wa 2:15 amatsiriza m'mphindi 9, wa 2:00 m'mphindi 8. Mu 2018 Josh Dunkley-Smith wa ku Australia anapalasa mtundawu m'mphindi 5 ndi masekondi 35.8, ndipo mu 2021 Brooke Mooney, mkazi wa ku America, anaupalasa m'mphindi 6 ndi masekondi 21.1. Aliyense wa iwo anaposa onse amene anayesapo kufikira caka cimeneco.

Sekondi iliyonse ili ndi mtengo wake

Cinthu coyamba cimene wofuna liwiro ayenera kudziwa n'cakuti masekondi amakwera mtengo munthu akamapita patsogolo. Makinawa anapangidwa motsanzira madzi, ndipo madzi amakaniza bwato kwambiri likamathamanga. Kuti liwiro lanu liwirikize kawiri, mphamvu yanu iyenera kuwirikiza kasanu ndi katatu.

Mphamvuyo kakompyuta kamaiwerenga m'mawati, monga mmene timawerengera mphamvu ya babu la malaiti. Wopalasa pa 2:30 akutulutsa mawati 104. Kuti afike pa 2:20 afunika mawati 128, ndiko kuti aonjezere 24. Koma wopalasa pa 2:00, amene akutulutsa mawati 203, kuti afike pa 1:50 afunika mawati 263. Masekondi ndi khumi omwewo, koma iye ayenera kuonjezera mawati 60. Dunkley-Smith uja, tsiku limene anacita zodabwitsa zake, anali kutulutsa mawati pafupifupi 590.

Ici ndico cifukwa cake woyamba kumene amakondwa miyezi iwiri kapena itatu yoyamba, nthawi ikutsika mlungu ndi mlungu, kenaka n'kuona ngati wagunda khoma. Apa ndi pamene ambiri amalakwira. Ena amataya mtima n'kusiya, ena amaganiza kuti mankhwala ake ndi kudzizunza tsiku lililonse. Onsewa sanamvetse masamu a makinawa. Munthu amene wakhala akupalasa caka cathunthu, akatsitsa masekondi awiri pa mamita 500 m'miyezi iwiri, watsitsa masekondi asanu ndi atatu pa mamita 2,000, ndipo wagwira nchito yotamandika.

Nambala 10 si umuna

Kampini ka pambali pa gudumu, kokhala ndi manambala 1 mpaka 10, kamanyenga anthu ambiri. Nchito yake ndi kutsegula kapena kutseka kacitseko kolowetsa mphepo m'cikombole ca gudumu. Pa 10 mphepo imalowa yambiri, gudumu limalemera ndipo limafulumira kuima. Pa 1 imalowa yocepa, gudumu limapepuka. N'cimodzimodzi ndi magiya a njinga. Wokwera njinga amene wasenza matumba a makala sakwera citunda ndi giya lolemera pofuna kuonetsa nyonga, cifukwa akudziwa kuti miyendo idzafa asanafike pamwamba.

Kakompyuta sikapereka mphotho kwa wokonda 10. Iko kamayesa mmene gudumu likucepetsera liwiro pakati pa kukoka kumodzi ndi kwina, n'kuwerengera mphamvu yeniyeni imene munthu waikapo. Eni ake opanga makinawa amalangiza kuti anthu ambiri aziika kampiniko pakati pa 3 ndi 5. Pa 10 munthu amatopa msanga, amayamba kukoka ndi msana, ndipo ndi msanawo umene umalipira.

Kuno kwathu palinso bvuto la fumbi, makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa. Fumbi likadzaza timabowo ta cikombole, mphepo imalowa yocepa, conco 5 wa makina awa sangafanane ndi 5 wa makina ena. Kakompyuta kali ndi malo amene kamaonetsa nambala yochedwa drag factor, imene imanena kulemera kwenikweni kwa gudumu. Akuluakulu ambiri amapalasa bwino pakati pa 110 ndi 130. Pemphani woyang'anira jimu akuonetseni pamene nambalayi imapezeka. Safunsa anadya phula.

Miyendo coyamba, manja potsiriza

Aphunzitsi a masewerawa amanena kuti mphamvu yoposa theka imacokera m'miyendo, yotsalayo m'ciuno ndi msana, ndipo manja amangotsiriza nchito. Kukoka kumodzi kumayenda motere. Muli kutsogolo, mawondo opinda, miyendo ya m'munsi yaima cilili, manja otambasuka, msana woongoka koma wowerama pang'ono kucokera m'ciuno. Kankhani ndi miyendo ngati mukufuna kukankhira makina kutali, manja akali otambasuka. Miyendo ikatsala pang'ono kuongoka, tsamirani kumbuyo pang'ono. Pamenepo ndi pamene manja akoke cogwirira kufika m'munsi mwa nthiti.

Pobwerera mutembenuze ndondomekoyo. Manja atambasuke coyamba, thupi liwerame, ndipo mawondo apinde cogwirira citawapitirira kale. Mukaona kuti mukunyamula cogwirira kuti cilumphe mawondo, dziwani kuti mwafulumira kupinda. Kubwerera kuzitenga nthawi yowirikiza kawiri kuposa kukankha, cifukwa ndi pamene thupi limapumira.

Pa kakompyuta palinso nambala yosonyeza kuti mukukoka kangati pa mphindi imodzi. Ambiri amaganiza kuti kukoka ka 35 ndiko liwiro, namangothamanga uku ndi uku pa kanjanji popanda mphamvu. Wodziwa amakoka ka 20 kokha, koma kukoka kulikonse kuli ndi nyonga ya miyendo yonse, ndipo amawasiya kutali. Yesani izi: khalani pa 20, osapitirira, ndipo muyese kutsitsa nambala ya mamita 500 ndi miyendo yokha. Mwezi woyamba wonse uyenera kuthera pa phunziro limeneli.

Kwa azimai ndi azibambo onenepa, makinawa ali ndi ubwino wakuti sagunditsa mawondo pansi monga kuthamanga pa tara. Koma samalani zobvala. Citenje kapena shati yaitali imakodwa m'timagudumu ta pansi pa mpando.

Cifukwa cake kufatsa kumabala liwiro

Mamita 2,000 amaoneka ngati nchito ya minofu, koma pafupifupi magawo atatu mwa anai a mphamvu imene munthu amagwiritsa nchito pa mtundawu amadalira mpweya umene mtima ndi mapapu zikutumiza ku minofu. Tsono cimene cimakulitsa mphamvu yotereyi ndi nchito yaitali yofatsa, yobwerezedwa kwa miyezi. Mtima umayamba kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. M'minofu mumamera timitsempha tatsopano ting'onoting'ono tofikitsa magazi. Minofu yeniyeniyo imaphunzira kugwiritsa nchito mpweya ndi mafuta a m'thupi mosatopa msanga. Zimenezi sizicitika m'mlungu umodzi, ndipo munthu sangazifulumizitse mwa kudzipweteka.

Umboni wake ulipo. Mu 2004, Åke Fiskerstrand ndi Stephen Seiler anafalitsa zimene anapeza atafufuza kakonzekeredwe ka akatswiri opalasa a ku Norway kuyambira 1970 mpaka 2001. M'zaka zimenezo, nthawi imene akatswiriwo ankathera pa nchito yofatsa inakwera kucoka pa maola 30 kufika pa maola 50 pa mwezi. Nthawi ya kupalasa kwa liwiro la mpikisano inatsika kucoka pa maola 23 kufika pa maola pafupifupi 7. Zotsatira zake, mphamvu yao pa makina opalasa inakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ngati anthu amene kupalasa ndiyo nchito yao amathera nthawi yao yambiri akufatsa, nanga ife amene tikucokera ku ofesi, ku msika kapena pa mashini osokera tingapirire bwanji mpikisano wa tsiku ndi tsiku?

Kufatsa kumene ndikunena n'kosabvuta kukuzindikira. Ngati mungathe kuyankhula ndi mnzanu ciganizo cathunthu uku mukupalasa, muli pabwino. Ngati mau akuduka-duka, mwapitirira. Kwa ambiri liwiro limeneli limakhala locedwerapo ndi masekondi 15 mpaka 20, kapena kuposa, pa nambala imene amasunga poyesa mamita 2,000. Amene amayesa pa 2:10 azipalasa masiku wamba pa 2:28 kapena 2:30. Poyamba zimacititsa manyazi, makamaka wa pambali akamayang'ana kakompyuta kanu. Pirirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndondomeko ya mlungu

Woyamba kumene apalase masiku atatu pa mlungu, mphindi khumi zofatsa, namaonjezera pang'ono mpaka afike pa mphindi 20 pakutha kwa mwezi. M'mwezi umenewu asayese mamita 2,000 ndi mphamvu zonse.

Amene wazolowera angayende motere. Pa Mande, mphindi 15 kapena 20 zofatsa kawiri, akukoka ka 18 mpaka ka 22 pa mphindi, ndipo pakati aimirire n'kuongola msana. Pa Citatu ndilo tsiku lamphamvu: atenthetse thupi mphindi khumi, kenaka apalase mamita 500 kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, akupuma mphindi ziwiri pakati. Cinsinsi ca tsikuli n'cakuti ulendo wotsiriza ukhale wofanana ndi woyamba, kapena wofulumirako pang'ono. Ngati woyamba unali 2:00 ndipo wotsiriza 2:15, munayamba ndi dyera. Pa Cisanu abwereze za pa Mande. Pa Ciweru ayende ndawala kapena apalase njinga theka la ola kapena kuposa. Masiku otsalawo ndi opuma, ndipo kupumako ndi mbali ya nchito, cifukwa thupi limalimba pamene likucira ku nchito ya dzulo. Tsiku limodzi siliwoletsa mbewa.

Ndondomeko yotereyi imamufikitsa munthu pafupi ndi muyeso wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limene mu 2020 linalangiza akuluakulu kuti azicita masewera olimbitsa thupi apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, ndi olimbitsa minofu masiku awiri.

Gulani kabuku ka sukulu. Tsiku lililonse lembani deti, mphindi kapena mamita, nambala ya mamita 500, makokedwe pa mphindi, ndi mmene munamvera m'thupi. Kamodzi pa mlungu, m'mawa musanadzuke, werengani kugunda kwa mtima pa dzanja kwa mphindi imodzi, mulembenso. Pakapita miyezi mudzaona kuti mtima ukugunda mocepa muli pa mphasa, ndipo nambala imene kale inkakutopetsani tsopano mukuisunga uku mukuceza. Kumeneku ndiko kupita patsogolo, ngakhale tsiku loyesa lisanafike.

Kuyesa mamita 2,000 kuzicitika kamodzi pa milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, mutapuma dzulo lake. Sankhani nambala yanu musanakhale pa mpando, yotsika ndi sekondi imodzi kapena ziwiri pa ya ulendo watha. Mamita 500 oyamba amanyenga, cifukwa thupi likali lozizira bwino ndipo liwiro limabwera lokha. Musawakhulupirire. Khalani pa nambala yanu. Mamita 500 acitatu ndiwo amawawa koposa, ndipo amene anawononga mphamvu poyamba amafera pamenepa. Ngati pali nyonga yotsala, itulutseni pa mamita 300 otsiriza.

Musadziyese ndi mnzanu

Pali zifukwa zomveka zimene nthawi ya mnzanu siingakhale muyeso wanu. Makinawa sanyamula kulemera kwa munthu monga limacitira bwato pa madzi, conco wamtali ndi wamkulu thupi amapeza nambala yabwino mosabvutikira kuposa wamfupi wocepa thupi, ngakhale mitima yao ili yolimba mofanana. N'cifukwa cake pa mipikisano ya makinawa pali gulu lapadera la amuna osapitirira makilogalamu 75 ndi akazi osapitirira makilogalamu 61.5, ndiponso magulu a misinkhu yosiyana-siyana.

Cina n'cakuti matauni athu ambiri ali pamtunda pokwera. Lusaka ali pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo pokwera cotere mpweya umene munthu amakoka pa kupuma kumodzi umacepako. Nthawi zimene mumaona pa intaneti zambiri zinapalasidwa kumalo osiyana ndi kwanu. Inu mukupalasa m'October, pansi pa malata. Nambala yokhayo imene ikunena zoona za inu ndi ya m'kabuku kanu.

Macenjezo amene sitiyenera kuwanyoza

Makinawa amagwiritsa nchito miyendo, msana ndi manja nthawi imodzi, conco amafikitsa mtima pa nchito yaikulu mofulumira. Aliyense amene wapitirira zaka 40, wa BP, wa shuga, wosuta fodya, kapena amene m'banja mwao muli matenda a mtima, ayambe wapita ku kiliniki kukapimitsa asanayambe masiku amphamvu. BP yofika 140 pa 90 kapena kuposa ifunika malangizo a dokotala. Amai oyembekezera afunse kaye ku sikelo.

Mu January 2013, Andrew Marr, mtolankhani wochuka wa BBC ku Britain, anagwidwa ndi sitiroko ali ndi zaka 53. Atapezako bwino anafotokoza poyera kuti anali atadzikakamiza kopitirira pa makina opalasa, pa nthawi imene anali wolemedwa ndi nchito, ndiponso kuti madokotala anapeza kuti anali atadwalapo kale timasitiroko tiwiri tating'ono iye osadziwa. Anatsala ndi kufooka kwa mbali ya kumanzere. Zotere sizicitika kawirikawiri, ndipo kukhala cabe osacita masewera kumapha anthu ambiri kuposa masewera. Koma nkhani yake ikutikumbutsa kuti munthu angathe kukhala ndi bvuto m'mitsempha iye akudzimva wamphamvu.

Mukamva kuwawa kapena kuthina m'cifuwa, cizungulire, mutu waukulu wadzidzidzi, dzanzi la mbali imodzi, kapena mtima ukugunda mosalongosoka, imani pomwepo ndipo muthamangire ku cipatala. Musapalase thupi likutentha, kapena mutangocira malungo kapena cimfine cacikulu. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa nchito yamphamvu, minofu ikuwawa kopitirira, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, cifukwa impso zingakhale pangozi. Msana wa m'munsi ndiwo umabvulala kawirikawiri mwa opalasa, makamaka munthu akakhala pa makina nthawi yaitali atatopa, msana n'kuyamba kupindika. Musapitirire theka la ola osaimirira.

Pa zakudya, musanyengedwe ndi zitini za ufa wodula zimene amagulitsa m'majimu ena. Nsima, nyemba, kapenta, mazira, nshawa ndi ndiwo zamasamba zikwanira kwa munthu wopalasa masiku atatu kapena anai pa mlungu. Imwani madzi okwanira, cepetsani mcere ndi mowa, ndipo muzigona mokwanira.

Kodi si za apamwamba zimenezi?

Wina adzati makinawa ndi a apamwamba, ife a m'komboni tilibe nao gawo. Mau amenewa ali ndi coonadi cake. Makinawa ndi odula, banja wamba silingagule, ndipo ndalama za jimu zimapikisana ndi za unga ndi za sukulu. Palibe amene ayenera kumana ana cakudya cifukwa ca masekondi. Koma makina amodzi angathe kutumikira anthu ambiri pa tsiku, cifukwa aliyense afunika theka la ola cabe, ndipo amakhala zaka zambiri akamasamalidwa. Safuna malaiti, pakuti kakompyuta kake kamayendera mabatire ndi mphamvu ya gudumu lomwe. Sukulu, kalabu ya mpira kapena kampani imene ikugula zipangizo za masewera ingacite bwino kuwaganizira. Ndipo amene alibe makina pafupi, mfundo zake n'zomwezo pa kuyenda ndawala, kuthamanga kapena kupalasa njinga: masiku ambiri ofatsa, tsiku limodzi lamphamvu, wochi ndi kabuku.

Winanso adzati ngati colinga ndi thanzi, nanga kuwerenga masekondi n'kwa ciani? Ine ndikuti n'kofunika. Ambiri a ife timayamba masewera mu January, pofika March tasiya, cifukwa sitiona cimene tikupindula. Sikelo yoyesera thupi imacedwa kusuntha ndipo imafooketsa. Koma mai amene walemba m'kabuku kuti mu April anapalasa mamita 2,000 m'mphindi 11, ndipo mu July m'mphindi 10 ndi theka, ali ndi cifukwa cobwererako mu August. Nambala imamusunga munthu pa njira. Imasanduka mdani pokhapo akamaifunsa tsiku lililonse.

Kwa eni majimu ndikupempha zinthu zitatu. Munthu watsopano asakhale pa makinawa musanamuonetse kakhalidwe ndi kakokedwe, ngakhale kwa mphindi khumi zokha. Muzicotsa fumbi m'cikombole, kupukuta kanjanji ndi kuthira mafuta ku cheni. Ndipo muzifunsa makasitomala anu za BP asanayambe, m'malo mowakuwiza kuti akoke mpaka agwe. Kasitomala amene wagwa sabweranso mwezi wa mawa.

Kwa inu awerengi amene muli ndi mwai wopalasa, mlungu uno tsitsani kampini kafike pa 4, kokani ka 20 pa mphindi, ndipo mukhalepo mphindi 20 mukutha kuyankhula. Lembani nambala yanu m'kabuku. Mucite zimenezi mokhulupirika, ndi tsiku limodzi lamphamvu pa mlungu, kwa miyezi iwiri. Pamenepo muyese mamita 2,000, ndipo muyerekeze ndi tsamba loyamba la kabuku kanu.